Kandege ndi Chitseko cha Hector

Mukatsika kombi, minibasi ya kuno, pa Machipisa ku Highfield mumzinda wa Halale, n'kuyenda mpaka fungo la nyama yootcha litakutherani m'mphuno, mupeza nyumba yobiriwira yokhala ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Mtengowo ndi wautali moti peyala likathothoka Lolemba limafika pansi Lachitatu. Amene amanena zimenezi ndi akulu a mpingo, ndiye tisawatsutse.

M'nyumbamo munkakhala Bambo Yoramu Malunga, Mayi Lidiya ndi mwana wawo mmodzi yekha, Hector. Linali banja labwino. M'mawa uliwonse ankayamba ndi nyimbo ya Chichewa ndi pemphero, ngakhale kuti Hector ankayankha ameni m'Chishona, maso ali chitsinzinire. Panyumbapo sipankamveka ndewu, ndipo mlendo sankachoka osamwa tiyi.

Amene anayamba kukhala m'nyumbayo anali agogo Malunga, atate ake a Yoramu. Iwowa anachokera ku Dedza wapansi m'nthawi ya atsamunda, akuti adzangogwira ntchito chaka chimodzi, agule njinga, abwerere. Chakacho chinatalika mpaka chinamera imvi. Anamwalirira ku Highfield konkuno, bokosi lawo lachitsulo lili chilongedzere pansi pa bedi. Koma asanapite anamusiyira mdzukulu wawo chuma chimodzi, nkhani za kumudzi. Ankati kumudzi maungu amakula moti mbuzi ikalowamo imatuluka ndi ana. Ankati ng'ombe za a Malunga zikamapita kudambo, yoyamba imakhala ikumwa madzi yomaliza isanatuluke m'khola. Hector ali mwana ankameza zonsezi ngati phala, ndipo atakula sizinatuluke m'mimba.

Bambo Yoramu anagwira ntchito yomanga zitsulo za galimoto ku fakitale ya ku Willowvale mpaka tsiku limene anauzidwa kuti asabwerenso. Sanakhale pansi kulira. Anatenga mapepala a nyumba n'kukawaika chikole ku banki, ndipo ndalama zimene anakongola anamangira zipinda zitatu kuseri, pansi pa mapeyala. M'zipindamo munalowa maloja, anthu ochita lendi. Mwezi ukatha maloja ankapereka lendi, lendiyo n'kupita ku banki, nyumba n'kumakhala yawo pang'onopang'ono ngati mmene mwana amaphunzirira kuyenda.

Chinthu china chimene Bambo Yoramu ankanyadira chinali maliro awo. Musadabwe. Anthu athu a kuno alibe mudzi wokaikidwako, choncho ali ndi bungwe la maliro limene amalitcha beriya. Munthu umasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lako likakwana a beriya amabwera ndi bokosi lonyezimira, basi yonyamula anthu, chakudya, ndi amayi ovala yunifomu oimba mpaka mwala ugwetse misozi. Bambo Yoramu anayamba kusonkha ndi malipiro awo oyamba ndipo sanaphonyepo. Akakhala pakhonde ankakonda kufotokoza mmene maliro awo adzayendere, nyimbo yoyamba, nyimbo ya pamanda, ndi amene sayenera kupatsidwa mpata wolankhula chifukwa amatalikitsa. Mayi Lidiya ankawauza kuti asiye kuitana imfa. Iwo ankaseka n'kunena kuti munthu amene anakwera kombi moyo wake wonse ayenera kukwera basi yakeyake kamodzi.

Kenaka ng'ala inalowa m'maso mwawo. Dziko linayamba kuoneka ngati lili kuseri kwa utsi, ndipo ulendo wa ku banki unawakanika. Mayi Lidiya ankakhala pa makina osokera tsiku lonse. Ntchito yotolera lendi ndi kukapereka inagwera Hector.

Hector sanali wakuba, sanali chidakwa. Tchimo lake linali lofewa ngati pilo. Ankakwera padenga la zipinda za maloja, kuyala katoni mumthunzi wa mapeyala, n'kugona chagada kuyang'ana mitambo. Mitamboyo inkasanduka ng'ombe za agogo. Ankaziwerenga, kuzigulitsa, kugula malole, kulemba anthu ntchito, kuchotsa ena aulesi. Pofika madzulo ankatsika atatopa kwambiri ndi ntchito imene sanagwire.

Tsiku lomupatsa udindowo, atate ake anamugwira dzanja n'kumufufuza nkhope ndi maso awo a utsiwo.

"Mwana wanga, ndalama iyi si yako, si yanga. Ndi njerwa. Mwezi uliwonse ukunyamula njerwa imodzi ya nyumba ino. Ukaigwetsa panjira, khoma libooka."

"Ndamva, bambo."

"Anzako ukusewera nawowo ali ndi kumusha, mudzi wa makolo awo. Zikawavuta kuno amakwera basi kupita kwawo. Iwe kwanu kumathera pa geti apo. Mchombo wanga ndi wako zili pansi pa mtengo uwo."

Hector anavomera ndi mutu, koma mumtima ankati akuluakulu amaiwala msanga. Nanga ku Dedza kuja? Nanga ng'ombe zija?

Miyezi yoyamba njerwa zinkafika bwinobwino. Ndiye tsiku lina, akudikira kombi pa Machipisa lendi ili m'thumba, anakumana ndi Tonderai, mnzake wa kusukulu. Tonderai anali atavala nsapato zoyera ngati mano a mwana, ndipo maso ake sankachoka pa foni. Hector anasuzumira. Pa fonipo panali kandege kofiira kakukwera m'mwamba, ndipo kakamakwera, manambala ankakwera nako. Tonderai anafotokoza kuti umakweza ndalama yako m'kandegemo, kakamauluka ndalamayo imaswana, ndipo iwe ntchito yako ndi kutsika kasanathawe. Kakathawa uli momwemo, zako zapita.

"Ndiye ntchito yake ndi yomweyo, kutsika basi?" anafunsa Hector.

"Yomweyo, mukoma. Madala ako anakalamba akumenya zitsulo ku Willowvale, anapeza chiyani? Ng'ala. Ife timagwira ntchito ndi chala chimodzi."

Hector anati alibe ndalama. Tonderai anayang'ana thumba lotupalo n'kunena kuti banki sithawa, ili ndi maziko a simenti, ndipo ndalama ikakwera ndege kwa mphindi imodzi banki singadziwe kuti inapita kokayenda.

Hector anakweza pang'ono. Kandege kananyamuka, mtima wa Hector unanyamuka nako. Phokoso la makombi linazilala, amayi ogulitsa tomato anasanduka timadontho tofiira pansi patali. Anatsika nthawi yabwino. Ndalama inabwera ndi inzake. Tsiku limenelo analipira ku banki ndipo anafika kunyumba ndi nkhuku yamoyo kukhwapa.

Mayi Lidiya anaimitsa makina n'kufunsa kumene nkhukuyo yachokera. Hector anati wachita kabizinesi ka pa foni. Mayi anayang'ana nkhuku, anayang'ana manja a mwana wawo osalala ngati a mkwatibwi.

"Ndalama ya thukuta ili ndi miyendo, imayenda pang'onopang'ono ndipo umaiona kumene ikupita. Iyi yakoyi ili ndi mapiko. Nkhukuyi tidya, koma usabwere nayo ina."

Hector anadya chiwalo chachikulu, mawuwo anawasiya m'mbale pamodzi ndi mafupa.

Mwezi wotsatira kandege kanathawa ndi theka la lendi. Hector anati palibe kanthu, akabweza ndi theka lotsalalo. Nalonso linakwera ndipo silinatsike. Anabwerera kunyumba wapansi, ndipo atate ake atafunsa ngati njerwa yafika, iye anati yafika. Bodza loyamba linamuwawa pakhosi ngati munga wa nsomba. Lachiwiri linadutsa ndi madzi. Lachitatu linadutsa lokha.

A banki ankatumiza mauthenga pa foni ya Hector, poti ndi nambala imene analembetsa maso a atate ake atafooka. Poyamba mauthengawo anali aulemu, okumbutsa. Kenaka anasiya kupereka moni. Kenaka anayamba kutchula za khoti. Hector ankawakankhira kumbali ndi chala chomwe chija chogwirira ntchito, n'kubwerera ku kandege. Ankadziuza kuti ulendo umodzi wokha wautali ukwanira kulipira zonse, ndi kuchotsa ng'ala m'maso mwa bambo, ndi kugulira mayi makina amagetsi.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuphika malata, anagona padenga paja n'kulota loto lokoma kuposa onse. Analota kandege katatera pa mtengo wa mapeyala ngati mbalame, katamangirira chingwe ku nyumba yonse n'kuikoka. Nyumba inazuka mwakachetechete ndi khonde lake lomwe. Mayi ankasokabe, bambo ali pampando akuimba chapansipansi, zovala za maloja zikupepeluka pa chingwe. Anadutsa pamwamba pa Machipisa, pamwamba pa mafakitale, pamwamba pa Tafara pamene ana ankawabayibitsa. Anawoloka mtsinje wa Zambezi uli ngati ulusi wa siliva. Kutsogolo kunaoneka phiri, ndipo pansi pake ng'ombe zosawerengeka zinali zitakweza mitu kuwadikira. Hector anafuna kutsika, koma chala chake sichinkapeza potsikira. Nyumba inangopitirira, kukwera, kukwera, mpaka ng'ombe zinasanduka nyerere. Anadzuka peyala litamugwera pamimba, lija linathothoka Lolemba.

Munthu wanzeru akanamva loto limenelo. Hector anangotolapo za ng'ombe zokha.

Sabata yomweyo anapeza Tonderai pa siteji ya mabasi, atanyamula chikwama, kuphazi kuli patapata. Nsapato zoyera zija zinali zitakwera ndege, foni nayonso. Anati tawuni yamulavula, akupita kumusha ku Murehwa kukalima tomato pa munda wa sekuru, agogo ake, mpaka zinthu zitazizira. Hector anamuuza kuti naye zikafika povuta adzatenga makolo ake kupita kumudzi ku Dedza.

Tonderai anaseka mpaka kutsokomola. "Unafikako?"

"Ayi, koma kuliko."

"Kumwezi nakonso kuliko, shamwari." Anakwera basi, ndipo sanacheuke.

Alendo anabwera Lachisanu masana. Anali bambo wa tayi wochokera ku banki, mesenjala wa khoti, ndi mayi wina wonenepa wa magalasi akuda amene ankafuna kuona nyumba isanapite pa okushoni. Mayi Lidiya anaganiza kuti ndi alendo a mpingo wa kwina. Anawakhazika pa mipando yabwino, anatulutsa makapu a maluwa, n'kupepesa kuti buledi ndi wadzulo. Bambo wa tayi anamwa tiyiyo movutika. Mayi wa magalasi uja sanakhale n'komwe pansi. Ankagogoda makoma, kusuzumira m'zipinda, ndipo atafika kuseri ananena mokweza kuti mtengo uwu adzaudula, pamalopo adzaikapo thanki ya madzi.

Bambo Yoramu anamva mawuwo ali pakhonde. Anafunsa mofatsa kuti mayiwo akufuna kudula mtengo wa yani. Apo mpamene bambo wa tayi anaika kapu pansi n'kufotokoza zonse, kuti ngongole yakhala osalipidwa kuyambira nyengo yozizira, kuti anachenjeza mobwerezabwereza, kuti khoti linagamula, ndipo ngati zotsalirazo siziperekedwa mwezi uno usanathe, nyumba igulitsidwa.

Hector ankamva zonsezi ali padenga, atadziphatika pa malata otentha ngati buluzi. Alendo atapita, atate ake sanakuwe. Anangoti, "Tsika, mwana wanga. Ndikumva malata akulira."

Anatsika, anagwada, anaulula za kandege. Mayi Lidiya anaphimba nkhope ndi nsalu imene ankasoka. Koma ulesi wa m'mutu suchoka tsiku limodzi. Hector atapukuta misozi anati mwina ndi Mulungu amene akuwatsegulira njira, nyumbayi ipite, iwo atenge bokosi la agogo abwerere kumudzi, kuli minda ndi ng'ombe.

Bambo Yoramu anamumvetsera mpaka kumaliza. Kenaka anamutuma kukakoka bokosilo pansi pa bedi, alitsegule, awauze zimene zilimo poti iwo saona.

Hector anatsegula. Munali suti yakuda imene njenjete zinadya mpaka kutsala matumba, paketi ya shuga youma ngati mwala, ndi belu la njinga.

"Njingayo ili kuti?" anafunsa bambowo.

"Mulibe, bambo. Muli belu lokha."

"Ndiye kumudzi kwako kumeneko. Ine ndinapitako kamodzi, kukanena za maliro a agogo ako. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando wa alendo, anandifunsa zimene ndawatengera ku Halale. Nditafunsa za munda anadabwa. Kwathu munda umatsata mbumba ya amayi, ndipo amayi anga anabadwira pa famu kuno konkuno. Munda wa agogo ako unatengedwa ndi ana a alongo awo, ndipo ndi wawo mwachilungamo. Ng'ombe ndinaona imodzi, ya eni ake. Atate anga ankadziwa zonsezi. Nkhani zija ankakamba kuti mtima usawapweteke, osati kuti iwe ugulitse denga."

Hector anayang'ana belulo. Kwa nthawi yoyamba anaona geti la panyumba pawo mmene linalili, lachitsulo, lopindika pang'ono, ndipo kuseri kwake kulibe kwina kopita.

Makina osokera anagulitsidwa. Maloja anapereka lendi ya mtsogolo, aliyense mmene akanathera. Zonse pamodzi sizinafike. Lamulungu masana, mapemphero atatha, Bambo Yoramu anavala jekete lawo la beriya n'kuuza Hector kuti awagwire dzanja, awaperekeze ku msonkhano wa bungwe pansi pa mtengo wa kutchalitchi.

Atapatsidwa mpata anaimirira, chipewa m'manja. "Abale anga, ndabwera kudzatenga maliro anga ndili moyo."

Anthu anayang'anana. Wapampando, Bambo Chikopa, anati zoterezi sizinachitikepo, ndipo anakumbutsa lamulo limene onse ankalidziwa. Wotenga gawo lake watuluka m'bungwe. Tsiku lake likadzafika sipadzakhala bokosi, basi, chakudya kapena yunifomu. Akafuna kulowanso ayambira pansi ngati mwana, n'kudikira nthawi yoikika asanawerengedwe. Anawachonderera kuti aganize bwino, munthu wosonkha kuyambira unyamata asataye ulemu wake pakhomo penipeni pa manda. Mayi Lidiya anaimirira kunena kuti litengedwe gawo la iwo m'malo mwake, koma amuna awo anawakhazika pansi ndi dzanja.

"Wakufa amagona paliponse, a Chikopa. Wamoyo ndiye amafuna denga."

Anavula jekete lija, analipinda bwinobwino, n'kulipereka. Hector ndi amene analinyamula kuchoka m'manja mwa atate ake kukaika patebulo, pamaso pa anthu onse amene ankadziwa chifukwa chake. Jeketelo linali lopepuka, koma iye amati mpaka lero phewa limamuwawa.

Nyumba inapulumuka. Bambo wa tayi analandira zotsalirazo, okushoni inaimitsidwa, mayi wa magalasi anakafuna mtengo wina woti adule.

Hector anagulitsa foni n'kubwereka ngolo yokankha. Anamangirirapo belu la agogo, n'kuyamba kunyamula matumba a mbatata ndi makabichi pa Machipisa. Manja osalala aja anatuluka matuza, matuza anasanduka zikang'a. Ndalama yoyamba imene anasunga anakalembetsanso nayo atate ake ku beriya, ndipo ankawerengera kuti nthawi yodikira ikatha adzawabwezera jekete lawo. Bambo Yoramu ankamva belu likulira kuchokera kumsewu madzulo n'kumwetulira. Za maliro awo sanazikambenso pakhonde.

Koma imfa siwerenga malamulo a bungwe. Mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse, Bambo Yoramu anakhala pampando wawo akuimba chapansipansi, ndipo nyimboyo sanaimalize. Nthawi yodikira inali isanathe.

M'nyumba munalibe ndalama ya bokosi, poti lendi ya mwezi umenewo inali njerwa, ndipo Hector sanalole kuti ikhudzidwe. Mmodzi wa maloja, Bambo Lourenço a ku Tete, anali kalipentala. Iwo anati ntchito agwira ulere, koma matabwa alibe. Hector analowa m'nyumba ndi sikuludiraiva. Anazula chitseko cha chipinda chake, chija ankadzitsekera nacho akamakweza ndalama m'kandege, anaphwasulanso bedi lake, n'kutulutsa zonse panja. Bambo Lourenço anapala matabwawo pansi pa mapeyala. Utoto wobiriwira sunachoke wonse, ndipo pambali pa bokosilo pankaonekabe pamene panali chogwirira.

A beriya anabwera, poti ndi anthu, koma anabwera ndi zovala zawo za masiku onse. Basi kunalibe. Bokosi linakwera lole ya makabichi ya bwana wina wa pamsika, anthu ochepa n'kukhala m'mbali mwake, ena onse n'kutsala pa geti. Amayi a beriya anaimba nyimbo imene malemu ankaifuna, ndipo munthu wotalikitsa uja sanapatsidwe mpata wolankhula. Zokhazo ndi zimene zinayenda monga mmene Bambo Yoramu anakonzera.

Mukapita ku nyumba yobiriwira ija lero, mupeza chipinda chimodzi chilibe chitseko. Mayi Lidiya anafuna kupachikapo nsalu, Bambo Lourenço analonjeza kupanga china, koma Hector anakana. Akuti chitseko chidzabwerera tsiku limene mapepala a nyumba adzabwere kuchokera ku banki. Amagona pa mphasa, ndipo mphepo ya mu Juni ikalowa imamudzutsa tambala asanaganize zolira. M'chipinda chopanda chitseko maloto sakhalitsa.

Inu ana a sukulu ndi achinyamata a mumpingo, imvani izi poyera. Ndalama imene mwatumidwa nayo si yanu, ndipo juga ndi kuba, ngakhale itabwera ngati kandege kokongola pa foni. Ulesi ndi bodza zimadya nyumba mwakachetechete kuposa chiswe. Musanakweze chilichonse m'ndege imeneyo, dzifunseni kuti kakathawa adzalipire ndani. Kawirikawiri si inu. Amalipira ndi amene anakugwirani dzanja n'kukukhulupirirani, ndipo kulapa kukachedwa kumapeza bokosi litakhomedwa kale.